Kodi Lamyayo Ndi ya Yani?

Aliyense amene wapita ku chipatala m'zaka zino wakumana nalo funso limene makolo athu sankafunsidwa. Akalaliki akatha kulemba dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yaikulu ndi zaka zanu, amatukula mutu nati, "Nambala ya foni?" Ambiri a ife timangoitchula nambalayo msangamsanga, pakuti kumbuyo kuli mzere wautali ndipo mwana akulira kumsana. Wina amatchula yake. Wina, amene alibe lamya, amatchula ya mwamuna wake, ya mlamu wake, ya aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, kaya ya mnyamata wa golosale ya pa msika. Akalaliki amalemba, wodwala amapitirira, ndipo palibe amene amafunsa funso lachiwiri, limene kwa ine ndilo loposa loyambalo: kodi lamyayo ndi ya yani, ndipo ikadzalira adzayankha ndani?

Ndikulemba monga munthu amene wakhala mbali ya m'kati ya zenera lija kwa zaka zambiri, ndipo walembapo manambala ochuluka osafunsa za eni ake. Maganizo anga ndi akuti makina atsopano amene alowa m'zipatala zathu ndi abwino ndipo tiyenera kuwalandira, koma makinawo sadziwa manyazi. Sadziwa kuti uyu ndi mpongozi, uyu ndi mkamwini, uyu ndi mwana wosayenera kumva za akulu. Ntchito yosunga chinsinsi cha wodwala yatsalira ife anthu, ndipo yakula kuposa kale.

Tiyambe takumbukira m'mene zinthu zinalili. Mbiri ya matenda a munthu inkakhala m'malo awiri okha: m'kaundula wamkulu wa pa chipatala, amene ankatsekeredwa m'kabati, ndi m'kabuku kamene wodwala ankapita nako kwawo. Kabukuko kanali ndi mavuto ake. Kankanyowa ndi mvula, kankadyedwa ndi chiswe kutsindwi, ana ankakang'amba, ndipo ena ankabwera ndi katsopano ulendo uliwonse, kotero kuti dokotala sankadziwa mankhwala amene anaperekedwa mwezi wathawo. Komabe mwini wake ankadziwa pamene kali. Akakabisa pansi pa mphasa, chinsinsi chake chinali pansi pa mphasa.

Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timachitcha Kamuzu Central, anayamba kulembera odwala pa makompyuta ongogunda ndi chala, ntchito imene inakula pansi pa bungwe la Baobab Health. Makinawo ankatulutsa kapepala kamizeremizere komata pa kabuku ka wodwala, ndipo ambiri a inu mwakaonapo kapepalako. Pamene Boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere mu 2004, olandira mankhwalawo anachuluka chaka ndi chaka mpaka cholembera ndi pepala zinayamba kulemedwa, ndipo makina otere anafalikira m'zipatala zambiri zopereka mankhwalawa. Cha m'ma 2011 alangizi a zaumoyo a m'maboma ena anayamba kudziwitsa chipatala pa lamya za mankhwala otsala m'bokosi mwawo, m'njira yotchedwa cStock, m'malo mopalasa njinga mtunda wautali n'kukapeza kuti chimene atsatira kulibe. M'chaka chomwecho ku Balaka kunayamba Chipatala Cha Pa Foni, kumene mayi woyembekezera ankatha kuimba kwaulere n'kulandira malangizo ali pakhomo, ndipo pambuyo pake Unduna wa Zaumoyo unaitenga ntchitoyo kukhala ya dziko lonse. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa chiphaso cha unzika, ndipo mu 2018 aliyense anauzidwa kuti alembetse simu khadi yake. Chiyambire pamenepo nambala ya lamya ili ndi dzina la munthu kumbuyo kwake.

Wina asandimve ngati mdani wa zimenezi. Ndaona ndi maso anga chimene lamya imachita. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amatengedwa magazi akakwana masabata 6, ndipo magaziwo, oumitsidwa pa kapepala, amapita kukayezedwa kutali. Kale zotsatira zinkabwerera pa pepala, zikudikira galimoto, ndipo nthawi zina zinkafika mayi atasiya kale kubwera, kapena osafika n'komwe. Pamenepo nthawi ndi moyo, pakuti mwa ana obadwa ndi kachilomboka amene salandira mankhwala, pafupifupi theka amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Zotsatira zikafika msanga pa makina, ndipo anamwino n'kuimbira mayiyo tsiku lomwelo, mwana amayamba mankhwala nthawi ilipo. N'chimodzimodzi ndi wodwala chifuwa chachikulu cha TB, amene ayenera kumwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa. Akayamba kupeza bwino pa mwezi wachiwiri n'kuleka kubwera, lamya imodzi imatha kumubweza matenda asanabwerere mwamphamvu. Chotero amene angawerenge nkhaniyi n'kuganiza zokana kupereka nambala, kapena zopereka nambala yabodza, adzakhala atandimva molakwa, ndipo adzadzimana chithandizo yekha.

Tsono mverani chimene chinachitika pa chipatala china chaching'ono chimene ndinagwirapo ntchito. Mayi wina wachitsikana anabwera ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi mimba yake yachiwiri. Atayezedwa anapezeka ndi kachilombo, ndipo anayamba mankhwala nthawi yomweyo, monga zakhalira m'dziko muno kuyambira mu 2011 kwa amayi apakati ndi oyamwitsa. Anali wolimba mtima. Mwamuna wake anali ku Joni, ndipo mayiyo anatiuza kuti nkhani yotere sangainene pa lamya. Adzadikira bamboyo abwere pa Khirisimasi, adzamuuza ali awiri m'nyumba, kenaka adzabwera naye kuti naye adzayezedwe. Tinagwirizana nazo, pakuti ndiwo malangizo amene timapereka. Mayiyo anali pa chitengwa, ndipo pabanja ponsepo lamya inali imodzi, ya mlamu wake. Ndiyo nambala imene anatchula, ndipo amene anailemba ndi ine.

Mvula itayamba, mtsinje unadzaza ndipo mayi uja analephera kubwera pa tsiku lake. Mnzathu wotsata odwala amene sanabwere anatenga mndandanda wake n'kuimba. Sanatchule matenda. Anangoti, "Muwauze mayi aja abwere kudzatenga mankhwala awo, tsiku lawo linadutsa." Komatu mlamuyo sanali mwana. Ndi mankhwala anji amene amakhala ndi tsiku lake, amene a chipatala amachita kukuimbira? Dzuwa lisanalowe uthenga unali utafika ku Johannesburg pa WhatsApp, ndipo mwamuna anamva kwa mbale wake chimene anayenera kumva kwa mkazi wake. Khirisimasi isanafike mayiyo anali atabwezedwa kwawo ndi mimba yake, ndipo kwa ife sanaonekenso. Patapita miyezi tinamva kuti analembetsa pa chipatala china ndi dzina lina, atakhala nthawi osamwa mankhwala.

Woimba lamya uja sanali munthu woipa. Ankagwira ntchito imene anapatsidwa, ndipo ntchitoyo yapulumutsa anthu ambiri. Makina nawo sanalakwe, anaonetsa dzina loona ndi tsiku loona. Cholakwa chinachitika miyezi iwiri m'mbuyo, pamene ine ndinalemba nambala osafunsa mwini wake, ndipo mayiyo, poopa kuchedwetsa mzere, sananene kanthu.

Gwero la vutoli n'lakuti njira zambiri zoterezi zinakonzedwa ngati kuti munthu aliyense ali ndi lamya yakeyake m'thumba. Kumudzi si m'mene ziliri. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mabanja amene anali ndi lamya ya m'manja anali theka chabe, kungopitirira pang'ono, ndipo amene anali ndi magetsi m'nyumba anali ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Lamya zachuluka chiyambire chaka chimenecho, koma m'mabanja ambiri lamya ikadali chida cha banja lonse, monga njinga kapena wailesi, ndipo kawirikawiri imagona m'thumba la bambo. Ikatha moto imapita kukatchajidwa pa msika, kumene imakhala tsiku lonse pa shelefu ya wometa tsitsi pamodzi ndi zinzake makumi awiri, mauthenga akulowa, mwini wake ali kumunda. Ndipo agogo amene maso awo anafooka, kapena mayi amene sukulu anailekera panjira, uthenga ukafika amaitana mwana wa sitandade 6 kuti awawerengere. Uthenga umene a chipatala amaganiza kuti wapita kwa munthu mmodzi umadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi.

Ndikudziwa chimene ena anganene, pakuti ndachimva kwa anzanga a ntchito. Amati, "Nanga si inu nomwe mumaphunzitsa kuti matenda sabisa? Mwamuna uja anayenera kudziwa ndithu." Zoona, anayenera kudziwa, ndipo timalimbikitsa aliyense kuti auze mnzake wa m'banja, chifukwa amene wauza wina wapakhomo amamwa mankhwala momasuka, sawabisa m'nkhokwe. Koma kuulula kuli ndi mwini wake, kuli ndi nthawi yake, kulinso ndi mawu ake. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi uja anali ataima kale pa chitseko, dzanja lili pa mpiringidzo, ndipo ife tinachikankha kuchokera kunja. Mwamuna wouzidwa ndi mkazi wake, kapena wouzidwa onse awiri ali pamaso pa mlangizi, amamvanso kuti mwana angathe kubadwa wopanda kachilombo ndi kuti iye mwini afunika kuyezedwa. Wouzidwa ndi mbale wake pa lamya amangomva manyazi okha.

Enanso amati, "Kumudzi kulibe chinsinsi. Anthu amaonana pa mzere wa mankhwala, ndipo pa chitsime nkhani zonse zimakambidwa." Apa mpofunika kusiyanitsa. Mphekesera ya pakamwa imayenda ndi miyendo, imatopa, imaiwalika, ndipo woinena amatha kutsutsidwa. Cholembedwa pa lamya sichitopa. Chithunzi cha tsamba la kabuku kanu, dzina lanu likuoneka pamwamba, chimafika ku Mzuzu, ku Lusaka ndi ku Joni mphindi yomweyo, ndipo chidzakhalabe m'malamya a anthu inu mutachira kale, ana anu atakula.

Pa nkhani ya zithunziyi ndiyenera kudzudzula ife tonse, chifukwa wolakwa kawirikawiri sakhala wa chipatala. Masiku ano munthu akagonekedwa, abale obwera kudzazonda amafika ndi phala m'dzanja limodzi, lamya m'dzanja linalo. Amamujambula wodwala atagona, ataonda, diripi ili pa mkono, nsalu itasendera, n'kutumiza ku gulu la banja, la mpingo, kapena la anthu a kwawo okhala m'tauni. Cholinga chimakhala chabwino: kudziwitsa abale, kupempha mapemphero, kupempha thandizo la ndalama. Koma ndi angati amene amayamba amufunsa wodwalayo? Ndi angati amene amaona kuti pa bedi loyandikana pali munthu wina, wosamudziwa n'komwe, amene naye walowa m'chithunzimo? Ndinaona bambo wina wolemekezeka, mkulu wa mpingo, atatuluka m'chipatala ali bwino, akukana kupita ku tchalitchi mwezi wathunthu chifukwa anadziwa kuti mpingo wonse unamuona ali wosavala malaya, akusanza m'beseni. Madzi akatayika saoleka. Ngati mufuna kudziwitsa abale, mawu ndi okwanira, ndipo ngati wodwala sangathe kuyankha, dzifunseni ngati inu mukadalola kujambulidwa muli choncho.

Ifenso a chipatala tili ndi zathu zoti tikonze, ndipo odwala ayenera kuzidziwa kuti azitikumbutsa. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito lamya zathuzathu pa ntchito. Wachipatala wa kumudzi akaona chilonda chachilendo amatha kujambula n'kutumiza kwa dokotala wa ku boma kuti amulangize, ndipo zimenezi zathandiza odwala ambiri. Koma ayenera kuyamba wapempha, ndipo nkhope ndi dzina zisaonekemo, pakuti lamya yomweyo madzulo amaseweretsa ana ake. Kompyuta ya pa zenera isayang'ane ku mzere. Nambala yachinsinsi yolowera m'makina asabwerekane ngati mchere. Ndipo pali china chimene odwala amadandaula mwakachetechete: amati masiku ano dokotala amayang'ana makina kuposa munthu. Dandaulo limeneli n'loona. Makina amafunsa mafunso awo motsatana, ndipo wogwira ntchito wotopa, amene kunja kukumudikira anthu zana, amangotsata mafunsowo. Koma makina safunsa chifukwa chimene mayi wakhalira chete atafunsidwa za mwamuna wake. Amene angaone zimenezo ndi munthu amene watukula maso.

Malamulo alipo. Gawo 21 la Malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, kuphatikizapo makalata ake ndi zokamba zake za pa lamya. Lamulo la HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limateteza chinsinsi cha munthu amene wapezeka ndi kachilombo. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa ndi maofesi ndi makampani, lotchedwa Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamulo limeneli limaika mbiri ya matenda m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene zalembedwa za iye ndi wopempha kuti zolakwika zikonzedwe. Amene chinsinsi chake chaululidwa ndi wogwira ntchito angathe kukadandaula kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti ya chipatala, kapena kwa ombudsman wa pa chipatala kumene alipo. Kudandaula koteroko si mwano. Koma ndinene zoona, lamulo limafika mlandu utachitika kale. Silikadabweza mayi uja ku banja lake.

Chimene chikadamuteteza ndi mawu ochepa pa zenera, ndipo mawu amenewo mungathe kuwanena inu ngakhale simunafunsidwe. Potchula nambala, onjezani kuti, "Lamyayi si yanga, ndi ya alamu anga," kapena, "Timagwiritsa ntchito tonse ndi bambo a kunyumba." Nenani ngati mwini lamyayo akudziwa za matenda anu kapena ayi. Ngati sakudziwa, gwirizanani ndi anamwino mawu oti adzanene akadzaimba, ndipo muone kuti awalemba pambali pa nambalayo. Ngati muli ndi munthu amene munamuuza kale, kaya mchemwali wanu, kaya mayi anu, nambala yake ndiyo yabwino kuposa ya munthu wokhala naye pafupi amene sadziwa kanthu. Ngati palibe lamya imene mungaikhulupirire, nenani choncho, ndipo mupangane njira ina, monga kudzera mwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Kusowa nambala si chifukwa chomanira munthu mankhwala. Mukasintha nambala, kapena mukagulitsa lamya, kadziwitseni a chipatala, pakuti nambala yosiyidwa nthawi yaitali kampani imatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo uthenga wanu udzapita kwa mlendo.

Pali chinanso chimene ndiyenera kuchitchula, popeza lamya yomweyo ndiyo imasunga ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Akuba adziwa kuti munthu akamva mawu akuti "chipatala" mtima umagunda ndipo nzeru zimabalalika. Amaimba n'kunena kuti m'bale wanu wachita ngozi ndipo pakufunika ndalama msanga, kapena kuti mwasankhidwa kulandira thandizo, mungowauza nambala yanu yachinsinsi. Palibe wogwira ntchito ya chipatala amene afunika nambala yachinsinsi ya ndalama zanu. Dulani lamyayo, muimbire m'bale amene watchulidwayo kapena wina wokhala naye pafupi, musanatumize tambala iliyonse.

Chichitikire za mayi uja, sindilembanso nambala osafunsa kuti ndi ya yani. Funsoli silitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo mayankho ake andiphunzitsa zambiri za m'mene anthu akukhalira m'makomo. Wina amati lamya ndi yake koma mauthenga amayamba wawerenga ndi mwamuna. Wina amati tiimbe m'mawa okha, apongozi ali kudimba. Mnyamata wina anapempha kuti tisatumize uthenga wolemba konse, chifukwa lamya yake imagona kotchajitsa. Ndipo mayi wina wachikulire, nditamufunsa chimene tidzanene akadzayankha mdzukulu wake, anaganiza pang'ono nati, "Mudzangoti agogo anaiwala ambulera yawo ku chipatala. Ine ndidzamva." Ndinalemba mawu omwewo pambali pa nambala, ndipo pa miyezi isanu ndi itatu yapitayi taimbapo kawiri za ambulerayo.